A Hilario Anadya Mbewu

Alamu anga a Hilario Kafanikhale angathe kumasula mjigo wonse, kuyala zitsulo zake pachiguduli, n'kuumanganso popanda kutsala ndi kabawuti ngakhale kamodzi. Koma munthu yemweyo, wa imvi mutu wonse, sankadziwa kuti nyemba zosungidwa m'phulusa ndi mbewu. Ndikamakumbukira zimenezi, mpaka lero mutu umanditentha.

Ine ndine Robert, telala wa pa Namitete. Akazi awo a Hilario, a Ellen, ndi achemwali anga, ndipo wowaponda pamutu ndine. A Hilario kwawo ndi ku Mpingu. Anabwera m'mudzi mwathu kudzakhala chikamwini ine ndisanagwireko ngakhale sizasi. Poyamba ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya. Mijigo itayamba kuchuluka m'midzi anaphunzira kuikonza, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo wonse unakhala pachishalo cha njinga. Njinga yake ndi yakuda, yachikale, yolemera ngati ngolo, kumbuyo kuli bokosi la masipanala lomangidwa ndi malegeni. Midzi amaidziwa ndi mijigo yake. Mukawafunsa ngati amakudziwa kwakutikwakuti, iwo amati, "Kuja kwa madzi amchere kuja? Ndinasinthako mapaipi chaka cha dzana."

Ndi munthu wosafulumira. Salankhulalankhula, sakwiya, ndipo zimenezi n'zimene zimandikwiyitsa ine. Pa zaka makumi anayi za banja lawo, mphika sanaugwirepo. Achemwali sankalola n'komwe. Ankati mwamuna wa manja a girisi asayandikire kukhitchini kwawo.

Tsono za nyemba zija. M'banja mwathu muli nyemba zimene timazitcha kankhanga, chifukwa cha mawanga ake akuda ndi oyera. N'zoyanga, zimakwera chimanga, zimachedwa kucha, koma zikapsa zimafewa mpaka khungu, ndipo msuzi wake munthu umanyambita mbale. Amayi athu anazilandira kwa amayi awo, ndipo pomwalira anazisiya m'manja mwa a Ellen. Pamsika simungazipeze. Enafe tinazitaya kalekale pothamangira nyemba zocha msanga za m'sitolo, ndipo pamenepa nanenso ndili ndi mlandu. Achemwali okha ndiwo sanaphonyepo chaka. Akakolola ankasankha zonenepa bwino, kuzisakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, n'kuziika m'kamtsuko kotseka ndi chiguduli pangodya ya khitchini. Ngakhale mwana wa sitandade wani m'mudzi mwathu amadziwa kuti kamtsuko kotere sakhudza.

Chaka chatha mu Okutobala achemwali anadwala kwambiri m'mimba, mpaka anakawachita opaleshoni mutauni. Atatuluka m'chipatala anakakhala kwa mwana wawo Lilian, ku Lilongwe komweko. Anafooka zedi. Lilian ankatiuza pafoni kuti amayi ake sakudya, amangoti masupuni awiri basi, ndipo dokotala wanena kuti magazi awo akuthamanga, asamve nkhani zowadzidzimutsa. Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkawatsegula pakamwa, ndicho kubzala. Tsiku lililonse ankaimbira amuna awo kufunsa ngati mizere yatha, ngati mitambo yayamba kusonkhana. Ananenetsa kuti Loweruka lachitatu la Novembala abwera, kaya dokotala afune kaya asafune, kudzabzala kankhanga ndi manja awo.

Lolemba la sabata imeneyo ndinapita kukawaona alamu masana. Ndinawapeza pakhonde akudya, nkhope ili mwee.

"Alamu, fikani tidye," anatero. "Masiku ano ndine katswiri wophika. Kungoti achemwali anu amasunga ndiwo mwauve. Nyemba zili phulusa lokhalokha, kutsuka kwake mpaka kanayi."

Ndinasuzumira m'mbale. Mawanga akuda ndi oyera.

"Kodi mwazitenga kuti nyemba zimenezi?"

"M'kamtsuko ka pangodya kaja."

"Zatsala zochuluka bwanji?"

"Izi ndiye zomaliza. Zandisunga sabata ziwiri."

Ndinathamangira kukhitchini, kupendeketsa kamtsuko, kukagwedeza, kusefa phulusa ndi zala. Ngakhale imodzi! Zimene ndinawalankhula tsiku limenelo sindingazibwereze pano, poti ndine munthu wopemphera. Ndinawafunsa ngati m'mutu mwawo muli ubongo kapena girisi. Ndinawauza kuti mbewu imene inapirira zilala zonse kuyambira nthawi ya agogo athu yathera m'mimba mwa mkamwini. Iwo anaika mbale pansi pang'onopang'ono n'kufunsa ndi mawu aang'ono: "Ndiye kuti ndawapha mayi a Lilian, eti?"

Apo mkwiyo unandithera, mantha n'kulowa, chifukwa zinalidi zotheka. Achemwali anali atagwira chinthu chimodzi chokha, ndipo chinthucho chinali chitapita.

Kenako a Hilario anati, "Ndinkazinyamula." Ndinati, "Mukuti chiyani?" Anafotokoza kuti zaka za m'mbuyomo, akamapita kokonza mijigo, achemwali ankawapatsira timaphukusi ta mbewu kuti akasiyire anzawo. Iwo ankangonyamula, osatsegula, osafunsa. Ankakumbukira malo atatu: kwa msuweni wathu Florence pafupi ndi Nsaru, kwa mayi wina wa kuseri kwa Kabudula, ndi kwa a Cecilia, mnzawo wa achemwali wa pautsikana amene anakwatiwa mbali ya Nambuma. Foni sikanatithandiza. Nkhani yotere ikangolowa m'foni, pofika madzulo imakhala ili kwa Lilian. Komanso mbewu kwathu kuno sapempha ndi uthenga, umapita wekha pakhomo pa mwini wake.

"Ndinyamuka mawa," anatero.

"Tinyamuka," ndinatero ine. "Munthu wodya mbewu ndingamusiye yekha? Mungakazipeze n'kuzidyanso panjira."

Tinanyamuka Lachiwiri, dzuwa likungosuzumira. Ine ndinakwera njinga yanga yopitira kutchalitchi, imene sinapitirirepo msika wa Namitete. Pakaliyala ndinamangapo bulangete, chigubu cha madzi ndi chigumu chimene anatiphikira akazi anga. A Hilario anamanga bokosi lawo la masipanala. Nditawafunsa ngati tikupita kukamasula nyemba ndi sipanala, anati njinga yawo ikapanda katundu ameneyo imapepuka kumbuyo, siyenda bwino.

Kapalasidwe kawo n'kotopetsa kuonerera. Phazi limatsika, lina n'kutsika, ngati munthu akusoka diresi ya ukwati pamakina. Ine ndinawasiya kutali, ndikucheuka n'kumawakuwira kuti afulumire. Isanakwane n'komwe teni koloko ndinali nditagona chagada pansi pa mtengo wa mango, lilime panja, matako akuyaka moto. Iwo anafika ndi liwiro lomwe lija, opanda ndi thukuta lomwe. Anatsitsa chishalo changa pang'ono, anathira oyilo patcheni, n'kundiuza kuti ndizitsata tayala lawo lakumbuyo. Ndinatsata, mwamanyazi.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira tsiku la munthu wa panjinga. Umapalasa m'mawa kukadali kozizira. Dzuwa likafika paliwombo umaima pamjigo, kunyowetsa chipewa, kudya mango amene wapempha pakhomo lapafupi, n'kugona pamthunzi mpaka cha m'ma thuu koloko. Pamchenga umatsika n'kukankha. Njinga yamoto ikamabwera umatseka pakamwa, apo ayi udya fumbi. Pamjigo uliwonse alamu sankayamba ndi kumwa. Ankapopa kawiri katatu, atatchera khutu, n'kuuza amayi otunga madzi kuti kamphira ka m'kati katsala miyezi ingati. Minda yonse imene tinkadutsa inali yokonzeka, mizere ili ndandanda, youma gwa, ndipo m'madambo anthu ankathirira nazale za fodya ndi makeni. Aliyense wokumana naye funso linali limodzi: "Kwanuko yagwa?" Tayala langa linaphwa kawiri, minga italasa chubu, ndipo kawiri konseko alamu anamata osandinena kanthu, ngakhale ine ndinali ndikuwanenabe.

Kwa Florence tinafika dzuwa litapendeka. Anatilandira bwino, kutiikira madzi osamba, koma titatchula kankhanga anangogwira pakamwa. "Iii, achimwene, ameneyo anatha chaka cha njala chija. Tinadya ndi mbewu yomwe." Iyeyo ndinamumvetsa, inali njala. Ndinayang'ana alamu anga, amene anadya mbewu nkhokwe ili yodzaza, iwo n'kuyang'ana pansi. Tinamupempha Florence kuti asauze munthu, ndipo tinagona komweko.

Lachitatu m'mawa, podutsa pamsika wa Nsaru, ndinaona mayi wina akugulitsa nyemba za mawanga. Sizinali kankhanga, zinali zazifupi ndi zofiirira pang'ono, koma zikalowa m'phulusa angadziwe ndani? Ndivomere, maganizo amenewa anali anga.

"Alamu, titenge izi, tizipake phulusa, tibwerere kwathu. Ine matako atha."

Anatola imodzi, kuitembenuza, n'kuibwezera. "Akazi anga amadziwa nyemba zawo ngakhale atatsinzina. Ndawalakwira kamodzi. Ndiwanamizenso?"

Ndisanayankhe, foni yawo inalira. Anali achemwali. Ndinkamva mawu awo, ofooka kwambiri.

"Bambo a Lilian, muli kuti kodi? Ndikumva phokoso la msika."

"Ndili ku Nsaru ndi alamu."

"Kukatani?"

A Hilario anandiyang'ana. Ine ndinaloza bokosi la masipanala.

"Kukonza mjigo," anatero.

"Mubwerere msanga. Mukafika mukaone ngati kamtsuko kanga n'kotseka bwino, makoswe angalowe."

Foni itaduka, a Hilario anati tikakonze mjigo. Ndinati mjigo utiwo? Anati uliwonse, bola zimene awauza akazi awo zikhale zoona. Ndinkayesa nthabwala. Ayi ndithu! Titangopitirira Nsaru pang'ono tinapeza mudzi umene mjigo wake unafa miyezi iwiri yapitayo, amayi akutunga m'chitsime cha kudambo. Munthu uja anavula jekete, anayala chiguduli, anaitana amuna anayi, n'kuyamba kutulutsa ndodo zachitsulo imodziimodzi. Ine ndinkangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. "Alamu, nthawi! Alamu, taonani mitambo!" Iwo phee, akusintha kamphira kotha. Madzi anatuluka cha m'ma thiri koloko. Amayi analulutira, anatipatsa thobwa, ndipo ndisaname, thobwalo linali labwino. Koma tsiku linali litapita.

Ku Kabudula tinafika kutatsala pang'ono kuda. Mayi amene tinkamufuna uja anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo. Nyumba yake inali bwinja, denga litagwera m'kati, ndipo mpongozi wake anati za nyemba zotero sanamvepo. Tili chiimire pabwinjapo tinamva kugunda. Mbali ya Nambuma kumwamba kunali bii, mvula ikuoneka kuti ikukhuthuka. Pakanapanda mjigo uja, bwenzi tili kale pakhomo pa a Cecilia. Mphunzitsi wina wopuma pantchito, amene ankawadziwa a Hilario, anatipatsa pogona, ndipo ine alamu sindinawalankhule mpaka m'mawa.

Lachinayi fumbi linatha, kunabwera matope. Ankamatira m'madigadi mpaka tayala kukana kuzungulira. Tinkatsika, kutokosa ndi kamtengo, kukwera, n'kutsikanso. Ine ndinagwa kamodzi m'chithaphwi, buluku lonse thope. Koma chimene chinkandiwawa si chimenecho. M'minda monse munali anthu, wina akutema mapando, wina akuponya mbewu n'kufotsera ndi phazi. Mvula yobzalira inali itagwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona alamu anga akupalasa ataimirira.

A Cecilia tinakumana nawo panjira yochokera kumunda, dzuwa lili pafupi kufika pamutu. Ndi mayi wamfupi, wachikulire, wa mawu aakulu, ndipo amuna awo anamwalira kale. Paphewa anali ndi khasu, m'manja kabeseni. Kabeseniko kanali kopanda kanthu.

A Hilario anatsika, anatsamiritsa njinga pamtengo, n'kunyonyomala. Atalonjerana anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za kutsuka kanayi.

"Kankhanga ndili naye," anatero a Cecilia. "Chaka chilichonse ndimabzala, chichokereni tsiku lija munandibweretsera."

Ine ndinaomba m'manja.

"Koma mwachedwa, bambo. Ndamaliza kubzala pompano. Yense ali m'nthaka."

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Mphamvu yokalipa ndinalibenso. A Hilario anayang'ana mundawo, mizere yonyowa, phazi la mayiwo likuoneka pa phando lililonse.

"Mwaponya zingati paphando?" anafunsa.

"Ziwiri za chimanga, zitatu za nyemba."

"Mayi, ndikukupemphani. Mundilole nditengepo imodzi pa phando lililonse."

Kufukula mbewu imene yalowa kale m'nthaka si chinthu chimene munthu amapempha kwathu kuno. A Cecilia anafunsa kuti a Ellen akupeza bwanji kwenikweni. Atamva, anaika khasu pansi. "Ndi zala, osati khasu. Chimanga changa musachikhudze. Mukatenga mufotsere bwino."

Ndiye tangoganizani: amuna awiri achikulire, achilendo, atagwada m'munda wa mayi wamasiye, akufukula ndi zala n'kumaponya tinthu m'chitini. A Cecilia anali atapita kunyumba kukatitengera madzi akumwa. Mwamuna wina wodutsa anaima, anayang'anitsitsa, n'kuthamanga. Pasanapite nthawi anthu anatizungulira, ena makasu ali m'manja. "Akukwirira chiyani amenewa? Akufuna kukoka mbewu za mayiwa ndi mankhwala!" Ine ndinayamba kufotokoza, koma ndikapsa mtima ndimachita chibwibwi, ndiye zinthu zinkangoipiraipira. Kunena zoona, ndinachita mantha kwambiri.

Anatipulumutsa ndi mawu aakulu a mayi Cecilia aja. Anabwera akukuwa kuchokera kutali: "Asiyeni! Si afiti amenewo! Awo ndi bambo a mijigo aja, adya mbewu ya akazi awo!" Ndipo anafotokoza nkhani yonse mokweza, mudzi wonse ukumva. Kunali zii pang'ono, kenako mayi wina anaphulika kuseka, ndiye onse. Ena anagwira nthiti. "Mpaka kutsuka kanayi!" A Hilario sanadzutse mutu, anangopitiriza kufukula. Amayi aja atatopa ndi kuseka anamanga zitenje n'kugwada nafe, aliyense mzere wake. Zala zawo zinkadziwa pamene nyemba yagona, osati zanga zozolowera singano. Lisanathe ola chitini chinali chitafika pakati.

Nditaziika m'manja mwanga, zamatopezo, za mawanga akuda ndi oyera, misozi inalengeza m'maso. Koma a Cecilia anatichenjeza. Nyembazo zinali zitamwa kale madzi, khungu litayamba kukwinyika. Sizikanabwereranso m'phulusa. Zikauma zifa, zikakhalitsa m'chitini ziola. "Mawa dzuwa lisanalowe zikhale zili m'nthaka," anatero, akuthira dothi lonyowa pamwamba pake. Ndiye kuti zobisa zinathera pomwepo. Kamtsuko kakhalabe kopanda kanthu, ndipo achemwali adziwa basi.

Tinabwerera masana omwewo mpaka ku Kabudula, Lachisanu n'kulawirira. Masipanala anawasamutsira pakaliyala panga kuti chitini chikhale m'bokosi, chokutidwa ndi jekete lawo lonyowa. Tsono ndinamva kulemera kumene munthuyu wakhala akukoka zaka zonsezi, ndipo ndinasiya kuwanena. Titapitirira Nsaru fumbi linali tolotolo monga tinalisiyira. Kwathu kunali kusanagwe ngakhale dontho. Tsiku limenelo sitinagone pamthunzi. Tinkangoima pamjigo kunyowetsa jekete, kumwa madzi, n'kukwera. Tinafika cha m'ma folo koloko, miyendo ikunjenjemera.

Tinasankha mizere ya kumapeto kwa munda wa achemwali, pafupi ndi nyumba. Ine ndinkabzala, iwo akututa madzi kumjigo ndi zigubu panjinga, ulendo ndi ulendo, mpaka mizere isanu ndi umodzi inanyowa bwino. Dzuwa linalowa titamaliza.

Loweruka achemwali anatsika minibasi pa Namitete pamodzi ndi Lilian, ataonda, akuyenda ndi ndodo. Ine ndinkafuna tidikire kaye kuti adye, apume. A Hilario anakana. Anangodikira kuti akhale pamphasa, Lilian ali pambali pawo, ndipo anagwada, mwamuna wa imvi pamaso pa mkazi wake, n'kunena zonse kuyambira pachiyambi. Ine maso anali pachifuwa cha achemwali, kuona mmene akupumira.

Sanakomoke, sanalire. Anafunsa funso limodzi lokha: "Zili kuti?" Tinawagwiriziza mpaka kumunda. Anayang'ana mizere yonyowa ija pakati pa munda wouma, anawerama movutikira, anakhudza dothi, n'kubwerera kunyumba. Kwa amuna awo sanalankhule kanthu, tsiku limenelo ngakhale lotsatira. Chakudya ankangochilawa. Akafuna madzi ankauza Lilian, amuna awo ali pomwepo.

Masiku amenewo anali aatali. Mvula osagwa. Panalibe ankadziwa ngati nyemba zofukulidwa, zoyenda tsiku ndi theka panjinga padzuwa lotere, zingamere. A Hilario ankathirira m'mawa ndi madzulo, masana n'kukhala kumunda kupirikitsa nkhuku. Ine makina ndinawaphimba, chifukwa ndinkati ndisoke, msoko n'kukhota. Lolemba ndinapita kukaona, palibe. Lachiwiri, palibe. Lilian anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti, "Amalume, amayi akapitiriza chonchi ndibwerera nawo kuchipatala."

Lachitatu m'mawa ndinapeza achemwali ali kale kumunda, atatsamira ndodo, amuna awo ataima chapatali ndi keni m'manja, osayerekeza kuyandikira. Dothi linali litang'ambika. Pano kakhosi kobiriwira kopindika, apo kena, uko kena, mzere wonse, ndi wotsatira, ndi winanso. Achemwali ankayenda pang'onopang'ono, akuloza chilichonse ndi ndodo yawo. Ine mtima unakhala pansi koyamba m'sabata yonse, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinalira.

Atafika kumapeto kwa mzere womaliza anatembenuka.

"Bambo a Lilian."

"Ee, mayi."

"Mwaimiranji pamenepo? Nyembazi n'zoyanga, ndipo chimanga choti zikwere palibe. Mukadule timitengo." Anapuma pang'ono. "Koma muyambe mwabwera kunyumba. Ndamva njala, ndipo sindidya ndekha."

Keni inawapulumuka a Hilario, madzi n'kutayikira kumapazi kwawo, ndipo anakhala pansi pamzere pomwepo, chipewa kumaso, mapewa akugwedezeka.